Za Ojambula Kanema ndi Makalata Awo a Chilolezo

Akuluakulu ambiri m'midzi akumbukira masiku amene galimoto ya Boma inali kufika madzulo pa bwalo la sukulu kapena pa khoti la mfumu ndi kupachika nsalu yoyera pakati pa mitengo iwiri. Mdima ukangogwa injini inali kulira, ndipo anthu a midzi yozungulira anali kukhala pansi kuonera kanema. Zambiri za zithunzi zimene zinaonetsedwa m'zaka za m'ma 1950 zinapangidwa ndi bungwe lotchedwa Central African Film Unit, limene linayamba ntchito m'chaka cha 1948. Likulu lake linali ku Salisbury, mzinda umene lero utchedwa Harare. Zithunzizo zinali kuphunzitsa za ulimi, za ukhondo wa pamudzi, ndi za kusunga ndalama ku Positi Ofesi.

Masiku amenewo munthu wa kumudzi anali woonera chabe. Lero makina ojambulira ndiwo ali kubwera kudzatola iye mwini, nyumba yake, munda wake ndi ana ake. M'chaka cha 2017 gulu lalikulu la ojambula linafika kwa Wimbe m'boma la Kasungu kudzapanga kanema wa mbiri ya William Kamkwamba, mnyamata amene anapanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zakutha, itangopita njala ya 2001 ndi 2002. Mtsogoleri wa gululo anali Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, amene anaphunzira kulankhula Chichewa kuti asewere ngati bambo wa mnyamatayo. Kanemayo, dzina lake The Boy Who Harnessed the Wind, anatuluka mu 2019, ndipo anthu a maiko akutali anaona minda, misewu ndi magule a ku Kasungu. Amalawi nawonso ali kupanga kanema. Shemu Joyah anatulutsa The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, ndipo anyamata ambiri ochokera kumidzi apita ku Lilongwe ndi ku Blantyre kukajambula nyimbo zawo m'misewu.

Ntchito imeneyi ili ndi malamulo ake. Mnyamata wofuna kujambula ayenera kuwadziwa kuti asagwidwe, ndipo munthu wojambulidwa ayenera kuwadziwa kuti asanyengedwe. Phunziro lino lifotokoza makalata amene ojambula ayenera kukhala nawo, maofesi amene apereka makalatawo, ndi pamene mphamvu ya kalata ili yonse ithera. Silinena za munthu amene atola zithunzi za ukwati wa mbale wake pa foni. Linena za kanema wopangidwa kuti akaonetsedwe kwa anthu ambiri kapena kuti akagulitsidwe.

Kalata yoyamba

Lamulo lalikulu pa nkhani imeneyi linapangidwa m'chaka cha 1968, ndipo dzina lake m'Chingerezi ndi Censorship and Control of Entertainments Act. Lamuloli ndilo linakhazikitsa bungwe lotchedwa Censorship Board. Linena kuti munthu asatsogolere ntchito yopanga kanema m'Malawi muno, kapena kuchita nawo ntchitoyo, bungwelo lisanapereke chilolezo. Mawu akuti kuchita nawo ndi oyenera kuwasunga, pakuti atanthauza kuti lamulo siliona mwini kanema yekha ayi, komanso osewera ndi othandiza. Chotero munthu amene aitanidwa kuti akasewere m'kanema sachita mwano pofunsa ngati chilolezo chilipo. Ali kudzitchinjiriza yekha.

Wopempha chilolezo alemba kalata kwa bungwelo, nafotokoza zochitika zonse za m'kanemayo pamodzi ndi mawu amene osewera adzalankhula. Bungwe likhoza kuvomera, likhoza kukana, ndiponso likhoza kuvomera koma ndi kuika malire. Lili ndi mphamvu youza wopemphayo kuti aike chikole cha ndalama, ndi yotuma munthu wake kuti akakhalepo pojambula. Munthu wotumidwayo akhoza kuimitsa chochitika chimene chiika munthu kapena katundu pangozi, kapena chimene chizunza nyama. Eni ng'ombe ndi mbuzi asunge mawu otsirizawo, chifukwa ojambula amakonda kubwereka ziweto ndi ngolo.

Nzoona kuti lamuloli linapangidwa m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo m'zaka zimenezo bungweli linaletsa mabuku, nyimbo ndi kanema wambiri. Malamulo Aakulu a dziko a 1994 anapatsa munthu ali yense ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo aluso ambiri akhala akupempha kuti lamulo la 1968 likonzedwe, kuti ntchito ya bungwe ikhale yonena msinkhu wa anthu oyenera kuonera kanema m'malo moletsa. Pempholo lili ndi nzeru, ndipo oliweruza ndi aphungu ku Nyumba ya Malamulo. Koma kufikira lamulo litasinthidwa, wojambula amene alinyalanyaza aika pachiswe ndalama zake zonse, pakuti kanema akatha afunikanso kuonedwa ndi bungwe lomwelo asanaonetsedwe poyera. Ngakhale nyumba zoonetseramo vidiyo pa matauni aang'ono ziyenera kukhala ndi chiphaso chake.

Mu mzinda

Chilolezo cha Censorship Board chinena za kanemayo. Sichinena za malo. Munthu wokhala ndi chilolezo chimenecho waloledwa kupanga kanema, koma sanaloledwe kuimika makina ake pakati pa Victoria Avenue ku Blantyre kapena pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Misika, madepoti a basi, mapaki, manda ndi misewu yambiri ya m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba zili m'manja mwa makhonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo oyendetsera malo otere. Tsono khomo lachiwiri ndi la khonsolo.

Kalata yopita ku khonsolo ikhale yomveka. Itchule malo enieni, tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, chiwerengero cha anthu ndi magalimoto, ndiponso inene ngati padzakhala injini ya magetsi, nyali zausiku, zokuzira mawu kapena moto. Inenenso ngati ojambula afuna kuti anthu kapena magalimoto ayambe aima. Ngati pali ndalama yolipira, ilipiridwe pa ofesi ndipo wolipira alandire lisiti lokhala ndi chidindo. Ndalama yoperekedwa m'manja pakona ya msewu sigula chilolezo chili chonse. Mawa munthu wina wa ofesi yomweyo adzafika nadzafunsa kalata, ndipo kalatayo sidzapezeka.

Anyamata ena aganiza kuti zonsezi nzongovutitsa anthu. Koma msewu wa mu mzinda uli ndi eni ake ambiri. Msewu wa Chipembere Highway, mwachitsanzo, udutsa pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ndipo galimoto zonyamula odwala ziyenda m'menemo usana ndi usiku. Gulu la oimba likaima mumsewu wotere kwa mphindi khumi kuti chithunzi chikome, mayi wina amene ali pakati pa moyo ndi imfa achedwa mphindi khumi zomwezo. Nchifukwa chake kutseka msewu kapena kuimitsa magalimoto ndi ntchito ya apolisi a pamsewu, ndipo wojambula ayenera kupita kwa iwo masiku angapo tsikulo lisanafike.

Apolisi ayenera kudziwitsidwanso pa chifukwa china chachikulu koposa. Kanema wambiri ali ndi ndewu, akuba, mfuti zoseweretsa ndi anthu ovala ngati asilikali. Osewera adziwa kuti ndi sewero, koma munthu wodutsa sadziwa. Mnyamata wina akapatsidwa mbali ya wakuba, natsomphola chikwama cha mayi pa msika wa Limbe, mayiyo nakuwa kuti “Wakuba!” monga anamuphunzitsira, anthu a pamsika sadzayamba ayang'ana ngati pali makina ojambulira kuseri kwa benchi. Adzathamanga ndi miyala ndi mitengo. Anthu akhala akuphedwa m'misika ndi m'misewu chifukwa cha mfuu yotere, ena a iwo osalakwa konse. Sewero la mtundu umenewu lisachitike popanda apolisi ovala yunifolomu kuimirira pomwepo, ndi popanda mkulu wa msika kuyamba wachenjeza ogulitsa onse. Momwemonso mfuti yamtengo ioneka yeniyeni kwa mlonda wa banki amene ali patali. Za zovala za apolisi ndi za asilikali, munthu asazivale pamsewu asanaloledwe ndi eni ake a zovalazo.

Pamsika pali chinthu chinanso chimene kalata ya khonsolo sichitha. Mayi wogulitsa tomato walipira chiphaso chake cha tsikulo m'mawa. Ojambula afika ndi kalata yachidindo, naimika makina patsogolo pa benchi yake kuyambira 8 koloko kufikira masana, ndipo ogula onse alambalala. Khonsolo yalandira ndalama yake, ojambula apeza chithunzi chawo, koma tomato wa mayiyo wafota padzuwa ndipo phindu la tsikulo lapita. Kalatayo inalola ojambula kukhala mumsika. Sinalande mayiyo malonda ake. Iye ali ndi chifukwa chokwanira chopempha kuti agwirizane za malipiro makina asanayambe, ndipo komiti ya msika iyenera kumuthandiza kulankhula. Sitolo, nyumba ya lendi, tchalitchi, mzikiti ndi bwalo la sukulu nazonso zili ndi eni ake, ndipo khonsolo singapereke chilolezo cha malo amene si ake.

Mizinda ya kunja inaona vuto la makalata ambiri kale. Ku New York, m'dziko la America, opanga kanema anali kuyenda m'maofesi ochuluka kuti aloledwe kujambula, kotero kuti ambiri anali kuuthawa mzindawo. M'chaka cha 1966 mfumu ya mzindawo, John Lindsay, anatsegula ofesi imodzi yopereka chilolezo chimodzi cha mzinda wonse, ndipo panakhazikitsidwanso kagulu ka apolisi kothandiza ojambula pamisewu. Akuluakulu a kumeneko anaona kuti kanema abweretsa ntchito kwa oyendetsa magalimoto, ophika, akalipentala ndi eni mahotela. Kuno makalata achokera ku maofesi osiyanasiyana, ndipo ofesi ili yonse ili ndi masiku ake oyankhira. Wojambula amene ayamba kupempha mawa lake ali ndi ntchito adzalipira osewera ndi galimoto zongokhala.

Malo amene makina saloledwa wamba

Pali malo ena amene Boma liwatchinjiriza ndi lamulo. Nyumba za boma za Mtsogoleri wa dziko, misasa ya asilikali, ndende ndi mabwalo a ndege monga Kamuzu ndi Chileka sizijambulidwa popanda chilolezo cha oziyang'anira. M'khoti, woweruza ndiye anena. M'chipatala afunika mawu a mkulu wa chipatala, ndiponso a wodwala mwini wake kapena omudwazika.

Nkhalango zosungirako nyama zili pansi pa dipatimenti yoona za nyama zakutchire, ndipo zina, monga Majete kuyambira 2003 ndi Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015, ziyendetsedwa pamodzi ndi bungwe la African Parks. Wojambula kanema wogulitsa apempha kwa oyang'anira nkhalangoyo, pakuti tikiti ya pachipata ndi ya woonera nyama chabe. Mapanga a Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za makolo pamiyala, analembedwa m'kaundula wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Kumeneko ojambula ayenera kuyamba aonana ndi dipatimenti yosunga zinthu zakale, ndipo asathire madzi pamwala kuti utoto uoneke bwino, kapena kusonkha moto m'phanga.

Tindege tating'ono topanda woyendetsa, totchedwa madironi, anthu a ku Kasungu atidziwa bwino, pakuti mu 2017 Boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyesera madironi pa bwalo la ndege la kumeneko. Ojambula atikonda chifukwa titola mudzi wonse kuchokera kumwamba. Koma mlengalenga muli malamulo ake, ndipo wouluza dironi ayenera kukhala ndi chilolezo cha akuluakulu oona za ndege. Ngakhale chilolezocho chilipo, dironi iona m'bafa lopanda denga ndi kuseri kwa mpanda. Anthu a pamudzi auzidwe nthawi imene idzauluka.

Alendo ochokera kunja ali ndi makomo enanso. Ayenera kukhala ndi makalata a Immigration owalola kudzagwira ntchitoyo, ayenera kulembetsa makina awo kwa a kasitomu polowa m'dziko, ndipo atolankhani ndi opanga kanema wa nkhani zoona alembetsa ku dipatimenti yofalitsa nkhani. Mlendo wolongosoka sabisa makalata amenewa, ndipo kawirikawiri amakhala ndi Mmalawi womuyendetsa.

Gulu likafika pamudzi

Kumudzi njira ndi yodziwika kale. Ojambula ayamba aonekera kwa Bwana D.C., kuchoka apo kwa mfumu yaikulu, kwa gulupu, ndi kwa nyakwawa ya mudzi umene afuna kujambulamo. Nyakwawa ipemphe kuona makalata. Ngati siwerenga Chingerezi, iitane mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo kuti aiwerengere. Iyang'ane dzina la kanema, dzina la mwini wake, masiku ndi malo amene alembedwa. Kalata yonena za Salima sigwira ntchito ku Ntchisi, ndipo kalata ya chaka chatha yatha.

Makalata onse akakhala bwino, ntchito siinathe. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Aona chidindo cha Boma, aona galimoto zazikulu, aona mfumu yavomera, ndipo aganiza kuti kukana kuli ngati kunyoza Boma. Si choncho ayi. Kalata ya Boma silowa m'malo mwa odi. Ndime 21 ya Malamulo Aakulu a dziko itchinjiriza munthu ali yense kuti asalowereredwe pa thupi lake, m'nyumba mwake ndi pa katundu wake. Mfumu ikhoza kulola alendo kulowa m'mudzi ndi kujambula pabwalo, koma singalole m'malo mwa munthu kuti makina alowe m'chipinda chake chogona, kapena kuti nkhope yake ikaonetsedwe kunja ali kulira. Chilolezo chimenecho apereka ndi mwini wake yekha, ndipo akakana palibe mlandu.

Ojambula odziwa ntchito yawo adziwa zimenezi bwino lomwe, ndipo nchifukwa chake amayenda ndi mapepala oti anthu asaine. Makampani aakulu oonetsa kanema safuna kugula kanema amene anthu ooneka m'menemo ndi eni malo sanavomere polemba, poopa milandu. Tsono saini ya mlimi kapena chidindo cha chala chake ndi chinthu cha mtengo. Asachipereke mothamanga chifukwa galimoto ili kulira panja. Safunsa anadya phula.

Pepalalo liwerengedwe m'chinenero chimene munthuyo amva, ndi munthu amene si wa gulu la ojambulawo. Asanasaine adziwe mwini kanema ndi kumene apezeka, nkhani imene kanemayo afotokoza, ndi kumene adzaonetsedwa. Mapepala ambiri otere anena kuti chithunzi chidzagwiritsidwa ntchito m'dziko lili lonse ndi kwa nthawi zonse, ndipo mawu amenewo atanthauza zimene anenazo. Chithunzi chikalowa pa intaneti sichibwerera. Mayi amene anavomera kujambulidwa chaka cha njala ali ndi mwana wowonda m'manja akhoza kupeza kuti patapita zaka khumi, mwanayo ali ku sekondale, anzake ali kupatsirana chithunzicho pa mafoni. Ngati munthu safuna kuti dzina lake litchulidwe kapena nkhope yake ioneke, anene, ndipo mawuwo alembedwe papepala pomwepo. Pepala likhale pawiri, lina litsale m'nyumba.

Za ana nzofunika kusamala koposa. Kuyambira 2017 Malamulo Aakulu anena kuti mwana ndi munthu ali yense wosakwana zaka 18. Wovomera m'malo mwa mwana ndi kholo lake kapena womulera. Mphunzitsi wamkulu akhoza kulola ojambula kulowa pasukulu, koma sangavomere m'malo mwa makolo a ana onse. Mwana asajombe kusukulu masabata chifukwa cha kanema, asaimikidwe padzuwa tsiku lonse, ndipo asatengedwe pa galimoto popanda mbale wake wamkulu. Mtsikana kapena mnyamata amene anachitidwa chipongwe asaonetsedwe nkhope, ngakhale alendowo anene kuti cholinga chawo ndi kuthandiza. Alendo adzapita, mwanayo ndiye adzatsala pamudzi ndi anthu onse odziwa nkhani yake.

Malipiro ndi zoonongeka

Kanema abweretsa ndalama pamudzi, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Afunika anthu odzaza msika kapena msonkhano, alonda, otunga madzi, ophika, omanga ndi omasulira. Nyumba, ngolo, njinga ndi bwato zibwerekedwa. Koma malipiro akambidwe ntchito isanayambe: ndalama zingati pa tsiku, tsiku liyamba nthawi yanji ndi kutha nthawi yanji, ndipo wolipira ndani. Kujambula kuchedwa kuposa momwe anthu aganizira. Chochitika cha mphindi ziwiri chikhoza kubwerezedwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo munthu amene anati angothandiza pang'ono apeza kuti tsiku lopalira lapita. Maina a ogwira ntchito alembedwe m'buku tsiku ndi tsiku, ndipo ali yense alandire ndalama yake m'manja mwake. Ndalama ya anthu makumi asanu ikaperekedwa kwa munthu mmodzi kuti akagawe, mudzi umatsala ndi milandu ojambula atapita kale.

Galimoto zolemera zimaphwanya mizere, zimagumula milambala ndi kuononga timilatho ta mitengo. Ojambula ena afuna kusintha maonekedwe a nyumba, kuchotsa malata kuti aikepo udzu, kudula nthambi kapena kukumba dzenje. Mwini malo ayende nawo pamalopo asanayambe, pali mboni, ndipo agwirizane polemba kuti chosinthidwa chidzabwezeredwa ndipo choonongeka chidzalipiridwa gulu lisanachoke. Akatsala ndi lonjezo la pakamwa lokha, adzalitsata ku Lilongwe ndi ndalama yake ya basi.

Magule, nyimbo ndi malo a mwambo

Alendo ambiri afuna Gule Wamkulu, makamaka chiyambire 2005 pamene UNESCO inamutchula kuti ndi chimodzi cha zuma zazikulu za anthu a pa dziko lapansi. Ena afuna Vimbuza, Ingoma, Tchopa kapena Malipenga. Zimene zivinidwa pabwalo, anthu onse akuona, zikhoza kujambulidwa eni gule akavomera. Za kudambwe, za kumanda, za kusimba ndi za kutsimba zili ndi eni ake, ndipo kalata yochokera ku ofesi sinena kanthu za izo. Nyakwawa imene ilola makina kupita kumalo otere chifukwa cha ndalama, isanamve akuluakulu a mwambo ndi anamkungwi, iputa mkangano umene udzakhala nthawi yaitali kuposa ndalamayo. Pamaliro ndi chimodzimodzi: eni mbumba ndiwo anena.

Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 litchinjirizanso nyimbo, nthano ndi magule a makolo monga chuma cha Amalawi onse, kotero kuti wofuna kuzigulitsa ayenera kupempha chilolezo. Nyimbo imene munthu anapeka yekha ndi yake. Woimba bangwe kapena kwaya ya pamudzi akajambulidwa, adziwe kuti kulola kujambulidwa ndi kugulitsa nyimbo ndi zinthu ziwiri, ndipo pepala linene chimene chachitika pa ziwirizo. Bungwe la COSOMA, limene linayamba mu 1992, ndilo liona za umwini wa nyimbo, ndipo woimba akhoza kukalembetsa nyimbo zake kumeneko.

Pakakhala chokayikitsa

Nthawi zina kudzafika anthu opanda kalata, kapena okana kuonetsa kalata, kapena ojambula ana mobisa. Anthu a pamudzi asawamenye, asawalande makina ndipo asaphwanye galimoto, pakuti pamenepo mlandu utembenukira mudzi. Kale alendo osalakwa anavulazidwa m'maboma ena chifukwa cha mphekesera chabe. Nyakwawa iwauze mwaulemu kuti ayambe aima, ilembe nambala ya galimoto ndi maina amene anena, ndipo itumize uthenga ku polisi yapafupi kapena ku ofesi ya Bwana D.C. Pa boma pali mkulu wofalitsa nkhani amene akhoza kufunsa ku likulu ngati gululo linalembetsa. Ngati nkhaniyo ikhudza mwana, mkulu woona za chisamaliro cha anthu pa bomapo auzidwenso tsiku lomwelo.